Chidulo ndi Soda ndi Zapachibale: Momwe Mungawerengere Mabanja a pa Periodic Table

Mayi akamaphika therere ku Mufakose kapena ku Mbare, mumzinda wa Harare, amathirako kasoda pang'ono kuti lifewe. Agogo amene anakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu sankagula soda. Ankatcheza chidulo, madzi odontha kuchokera m'phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nthochi, ndipo therere linkafewa chimodzimodzi. Soda muli sodium, chidulo muli potassium, ndipo pa periodic table, tchati cha maelementi onse, awiriwa ali mumzere umodzi wotsika, wina pansi pa mnzake. Phulusa lomwelo mulinso calcium wambiri, koma calcium carbonate sasungunuka m'madzi, choncho amatsalira m'chotchezera. Chimene chimadontha ndi potassium carbonate, chifukwa michere ya banja la sodium ndi potassium imasungunuka mosavuta. Mwana wa Form 3 kapena Form 4 amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la ku Zimbabwe, akamvetsa mfundo imeneyi, yoti a m'banja limodzi amachita zinthu mofanana, safunikanso kuloweza maelementi onse 118 payekhapayekha. Mayina ambiri tawasiya momwe amalembedwera m'mabuku, popeza ndi momwe ana amawapezera pamayeso.

Kupeza banja la elementi

Tchatichi chili ndi mizere 18 yotsika, imene timaitcha magulu kapena mabanja, ndi mizere 7 yopingasa, imene m'mabuku amati period. Dmitri Mendeleev anachikonza mu 1869 potsata kulemera kwa maatomu, ndipo anasiya malo opanda kanthu ponena kuti eni ake sanapezeke. Gallium atapezeka mu 1875 ndi germanium mu 1886, makhalidwe awo anafanana ndi zimene iye ananeneratu. Mu 1913 Henry Moseley anasonyeza kuti ndondomeko yeniyeni imatsata chiwerengero cha mapulotoni a m'phata la atomu, chimene lero timachitcha atomic number.

Pa maelementi 20 oyambirira, njira yake ndi iyi. Tengani atomic number, imene ndi chiwerengeronso cha maelekitironi a atomuyo, popeza amachuluka mofanana ndi mapulotoni. Agaweni m'zigoba zozungulira phata la atomu, zimene m'mabuku amati shell: chigoba choyamba chimadzaza ndi 2, chachiwiri ndi 8, chachitatu ndi 8, otsala apite m'chachinayi. Sodium ali ndi 11, ndiye kuti 2,8,1. Chlorine ali ndi 17, ndiye 2,8,7. Calcium ali ndi 20, ndiye 2,8,8,2. Tsopano werengani zigoba zimene mwadzaza: chiwerengerocho ndiye period. Nambala yomaliza, ya chigoba chakunja, ndiyo ikuuzani banja. Sodium ali ndi zigoba zitatu ndi elekitironi imodzi kunja, motero ali pa period 3, Gulu 1.

Ana ambiri amaphonya pa zinthu zitatu. Choyamba, pa kabokosi ka elementi pamakhala manambala awiri, ndipo mwana amatenga yaikulu, ya kulemera, n'kuyamba kugawa 23 m'malo mwa 11. Atomic number nthawi zonse ndi yaying'onoyo, kupatula pa haidrojeni pomwe onse awiri ndi 1. Chachiwiri, mabuku ena amalemba magulu ndi manambala a Chiroma, I mpaka VII kenaka VIII kapena 0, pomwe ena amalemba 1 mpaka 18. Gulu VII ndi Gulu 17 ndi chinthu chimodzi. Kuyambira 13 mpaka 18 chotsani 10 kuti mupeze maelekitironi akunja. Chachitatu, lamulo la 2,8,8 limathera pa calcium. Mukalikakamiza pa ayironi, amene ali ndi 26, mupeza yankho lolakwa.

Gulu 1: zitsulo zodulika ndi mpeni

Lithium, sodium, potassium, rubidium ndi caesium onse ali ndi elekitironi imodzi kunja, ndipo amaitaya mosavuta n'kukhala ndi chaji ya +1. Ndi zitsulo ndithu, koma zofewa moti sodium mumamudula ndi mpeni ngati sopo. Pamene mwadulapo pamanyezimira, koma pakangopita masekondi ochepa pamachita mbuu chifukwa cha mpweya. N'chifukwa chake m'labu amawasunga m'mafuta. Lithium, sodium ndi potassium amayandama pamadzi: lithium amalemera magalamu 0.53 pa cm³ iliyonse, sodium 0.97, potassium 0.86. Onani kuti potassium ndi wopepuka kuposa sodium ngakhale ali pansi pake. Choncho musalembe kuti kulemera kumakwera mosadukiza.

Zimene zimatsata ndondomeko bwino ndi ziwiri. Mukamatsika, kutentha kosungunukira kumachepa: lithium amasungunuka pa 181°C, sodium pa 98°C, potassium pa 63°C, rubidium pa 39°C, caesium pa 28°C, kutentha kumene Harare imapitirira masana a mwezi wa Okutobala. Mukamatsikanso, ukali wawo umakula. Chifukwa chake n'chakuti atomu ikukula, elekitironi yakunja ikutalikirana ndi phata limene limaikoka, ndipo zigoba zapakati zikuitchinga. Yatalikira kwawo, ndiye sivuta kuchoka. Pamayeso lembani zonse zitatu, kukula kwa atomu, kutchinga, ndi kuchepa kwa mphamvu yokoka, chifukwa kungolemba kuti "ali pansi" sikufotokoza kanthu.

Kuponya sodium m'madzi ndi ntchito ya aphunzitsi okha, m'labu. Adule kachidutswa kosaposa njere ya mpunga, akagwire ndi chopanira chouma, akapukute mafuta ndi pepala, kenaka akaponye pakati pa beseni lalikulu la madzi, ana ali kuseri kwa chotchinga ndipo onse atavala magalasi oteteza maso. Lithium amangotulutsa thovu pang'onopang'ono. Sodium amasungunuka n'kukhala kampira koyera kothamanga uku ndi uku kakulira kuti tsiii. Potassium amayaka pomwepo ndi lawi lapepo motuwa ngati duwa la jakaranda. Mpweya wotuluka ndi haidrojeni, ndipo madzi otsala ndi alkali wamphamvu: 2Na + 2H₂O → 2NaOH + H₂. Ngozi zimabwera kachidutswa kakakula, kapena kakamatirira m'mbali mwa beseni n'kutentha pamalo amodzi mpaka kuthetheka. Moto wa zitsulo izi umazimitsidwa ndi mchenga wouma. Madzi amangowonjezera.

Kunyumba mungaone khalidwe la banjali popanda ngozi. Dulani masamba awiri kapena atatu a kabichi wofiira tizidutswa, muthire makapu awiri a madzi owira, mudikire mphindi 15, kenaka musefe. Madzi ake amakhala apepo. Gawani m'matambula anayi oonekera mkati. Loyamba lisiyeni momwemo kuti muzifanizira. M'lachiwiri thirani sipuni ya viniga, lisanduka lofiira. M'lachitatu sungunulani theka la tiyisipuni ya soda, lisanduka la buluu. M'lachinayi thirani masipuni awiri a chidulo, lisanduka lobiriwira, kusonyeza kuti chidulo ndi alkali wamphamvu kuposa soda wophikira. Chidulocho mupange ndi kapu imodzi ya phulusa loyera la zitsononkho kapena nkhuni ndi makapu awiri a madzi, mutcheze pa kansalu kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere. Phulusa lonyowa ndi mvula silithandiza, chifukwa potassium wake anakokoloka kale. Phulusa la moto umene munatenthapo mapulasitiki kapena matabwa opaka penti musaligwiritse ntchito, makamaka pa zakudya. Ndipo musatchezere m'poto wa aluminiyamu, chifukwa alkali amadya aluminiyamu. Dzina loti potassium linachokera ku phulusa la m'miphika lomweli, limene Angerezi ankalitcha potash, ndipo Humphry Davy ndiye anayamba kupatula chitsulocho mu 1807.

Mtundu wa lawi umathandizanso kuzindikira. Kamchere kakagwera pa lawi la buluu la sitovu ya gasi, lawi limachita chikasu: ameneyo ndi sodium. Lithium amapereka lawi lofiira kwambiri, calcium lofiira ngati njerwa. Vuto ndi lakuti chikasu cha sodium n'champhamvu moti ngakhale thukuta la m'zala pa waya limakwanira kuphimba mitundu ina. M'labu amatsuka waya wa nichrome mu hydrochloric acid n'kuwotcha mpaka lawi lisasinthe mtundu, ndipo lawi la potassium amaliyang'ana kudzera pagalasi la buluu la cobalt limene limachotsa chikasucho.

Lithium amene ali m'mabatire a mafoni ndi a sola amakumbidwanso ku Zimbabwe kuno, ku Bikita m'chigawo cha Masvingo ndi ku Arcadia pafupi ndi Goromonzi. Sakumbidwa ngati chitsulo chonyezimira, koma ali womangika m'miyala monga petalite ndi spodumene. Palibe wa m'banja ili amene amapezeka payekha m'nthaka. Ndi aukali kwambiri moti sangakhale osagwirana ndi china. Haidrojeni amalembedwa pamwamba pa gululi chifukwa nayenso ali ndi elekitironi imodzi, koma ndi mpweya, si chitsulo, ndipo sali m'banjali.

Gulu 2

Magnesium ndi calcium ndiwo amafunsidwa kwambiri. Ali ndi maelekitironi awiri kunja, amataya onse n'kukhala +2. Ndi olimba kuposa a Gulu 1, ndipo ndi ofatsirapo. Magnesium m'madzi ozizira sachita kanthu koonekeratu, amafuna nthunzi. Calcium amene ali pansi pake amatulutsa thovu m'madzi ozizira omwewo. Riboni ya magnesium ikakana kuyaka, ipaleni ndi sandipepa, chifukwa pamwamba pake pachita chikutu cha oxide. Ikayaka musaiyang'anitsitse, kuwala kwake kumapweteka maso.

Madzi oyesera carbon dioxide mungapange nokha. Thirani tiyisipuni imodzi ya laimu womangira, amene ndi calcium hydroxide, m'botolo la lita imodzi ya madzi, khutchumulani, tsekani, lisiyeni usiku wonse. Mawa tsanulani madzi oyera apamwamba okha. Uzirani mpweya wa m'kamwa kudzera pa sitiro, osakoka, ndipo madziwo achita mbee ngati mkaka wosungunula. Mukapitiriza kuuzira nthawi yaitali ayeranso, chifukwa calcium carbonate uja wasanduka calcium hydrogencarbonate amene amasungunuka. Ana ena amaganiza kuti alakwitsa pomwe achita bwino mopitirira. Ngati sachita mbee n'komwe, mwina mwagwiritsa ntchito laimu wa kumunda, amene ndi mwala wa carbonate wongopera, kapena botolo linakhala lotsegula n'kutha mphamvu. Laimu womangira asakulowereni m'maso. Chikamba cha dzira mukachiviika mu viniga chimatulutsa thovu la mpweya womwewu.

Gulu 17: kumene ndondomeko imatembenuka

Fluorine, chlorine, bromine ndi ayodini ali ndi maelekitironi 7 kunja. Akusowa imodzi kuti chigoba chidzaze, motero iwo sataya, amalanda, n'kukhala −1. Amayenda awiriawiri: F₂, Cl₂, Br₂, I₂. Mukamatsika mtundu umadera ndipo amalimba. Fluorine ndi mpweya wachikasu chotuwa, chlorine ndi mpweya wachikasu chobiriwira umene umasanduka madzi pa −34°C, bromine ndi wamadzimadzi wofiira moderako amene amawira pa 59°C, ndipo ayodini ndi timiyala totuwa moderako timene tikatenthedwa timatulutsa nthunzi yapepo.

Apa m'pamene ana ambiri amatayira malikisi. Aloweza kuti ukali umakula mukamatsika, ndiye amalemba zomwezo pa banja lino. Kuno ndi mosemphana: fluorine wapamwamba ndiye waukali kuposa onse, ayodini ndi wofatsa. Chifukwa chake ndi chomwe chija cha mtunda. Atomu yaikulu imataya mosavuta, koma imavutika kukoka elekitironi yachilendo, chifukwa phata lili kutali ndi khomo.

M'labu izi zimaoneka ndi maso. Thirani 2 cm³ ya madzi a potassium bromide m'chubu, muwonjezere madontho angapo a madzi a chlorine: asanduka a olenji, chifukwa chlorine wachotsa bromine pamalo pake. Mu potassium iodide asanduka abulauni, ayodini watuluka. Koma madzi a bromine mukawathira mu potassium chloride palibe chisintha, wofooka sangachotse wamphamvu. Ngati madzi a chlorine sakuchita kanthu, kawirikawiri ndi akale kapena anakhala padzuwa. Amafunika atsopano, osungidwa m'botolo lakuda. Zenera likhale lotsegula.

Siyanitsani chlorine ndi chloride. Chlorine ndi mpweya wakupha, womwe amathira mochepa kwambiri poyeretsa madzi a mumzinda wa Harare ku Morton Jaffray. Chloride ndi atomu yomweyo italandira kale elekitironi yake n'kukhala phee, ndipo ndiyo timadya mumchere tsiku lililonse. Chilembo chimodzi kapena ziwiri zikasokonekera, yankho lonse lagwa. Pakhomo, chenjezo ili n'lofunika kuposa mayeso: Jik kapena mankhwala ena aliwonse oyeretsera a mtundu umenewo musawasakanize ndi viniga kapena ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi. Asidi amamasula mpweya wa chlorine, ndipo m'bafa lotseka umawotcha maso ndi mapapo. Zikachitika, tulukani msanga, tsegulani zitseko, ndipo amene akubanika apite kuchipatala.

Ayodini mungamuyese kunyumba. Sungunulani dontho limodzi la mankhwala a ayodini opaka pabala musipuni ya madzi, mudonthezere pa kansima kozizira, pa mbatata yodula kapena pa chinangwa. Pachita buluu wakuda bii, chizindikiro cha sitachi. Nsima ikakhala yotentha mtunduwo umazimirira, n'kubwerera ikazizira. Mchere wa ayodini, umene umateteza ku chithokomiro, sungapereke mtundu umenewu, chifukwa ayodini wake ndi wochepa zedi komanso ndi womangika ndi zina.

Gulu 18

Helium, neon, argon ndi anzawo zigoba zawo zakunja n'zodzaza kale, choncho sataya, salanda, ndipo amayenda atomu imodziimodzi. Helium ali ndi maelekitironi awiri okha, koma musamuike m'Gulu 2: chigoba chake choyamba chimadzaza ndi awiriwo. Argon ndi gawo 0.93 pa 100 la mpweya umene timapuma, ndipo owotcherera aluminiyamu ndi stainless steel amamugwiritsa ntchito kutchinga chitsulo chosungunuka kuti okosijeni asachifike. Musalembe kuti sagwirana ndi kanthu ngakhale pang'ono, chifukwa mu 1962 Neil Bartlett anapanga mankhwala okhala ndi xenon.

Zitsulo zapakati

Pakati pa tchati pali zitsulo zimene munthu amaziwona akalowa mumsika wa Siyaso ku Magaba, ku Mbare: ayironi wa mageti ndi mafelemu, mkuwa wa mawaya, komanso nickel ndi chromium. Chromium ndi platinum amakumbidwa m'mapiri a Great Dyke, amene amadutsa pakati pa Zimbabwe mtunda woposa makilomita 500. Ziyerekezeni ndi Gulu 1 kuti muone kusiyana. Sodium amasungunuka pa 98°C, ayironi pa 1538°C, mkuwa pa 1085°C. Sodium amayandama, ayironi amalemera magalamu 7.9 pa cm³ ndipo golide 19.3. Michere ya Gulu 1 imene mumakumana nayo nthawi zambiri ndi yoyera, pomwe ya zitsulo zapakati ili ndi mitundu: copper sulphate ndi wa buluu, iron(II) ndi wobiriwira motuwa, iron(III) ndi wachikasu chofiirira. Zilinso ndi machaji oposa imodzi, n'chifukwa chake dzina limakhala ndi nambala ya Chiroma. Zambiri zimafulumizitsa ntchito za m'mafakitale popanda kutha, monga ayironi popanga ammonia wa feteleza.

Sungunulani magalamu 5 a copper sulphate mu 100 ml ya madzi, mupale msomali ndi sandipepa mpaka unyezimire, muuviike. Pakatha mphindi 10 kapena 15 msomali uvala chikutu chofiirira cha mkuwa, ndipo pakapita maola buluu uja azimirira n'kuyamba kubiriwira. Ayironi ndi waukali kuposa mkuwa, ndiye wauchotsa. Msomali wa malata, wokutidwa ndi zinc, kapena wamafuta, usokoneza zotsatira. Copper sulphate ndi poizoni. Musagwiritse ntchito kapu yomwera.

Za dzimbiri mufunika mabotolo atatu ndi misomali itatu yopala. Loyamba madzi a pampopi ofika theka la msomali, losatseka. Lachiwiri madzi owiritsa mphindi 10 kuti mpweya uchoke, omiza msomali wonse, ndi mafuta ophikira pamwamba okhuthala ngati chala. Lachitatu louma, lotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Pakatha masiku atatu kapena asanu loyamba lokha ndilo lichita dzimbiri, chifukwa dzimbiri limafuna madzi ndi okosijeni pamodzi. Lachiwiri likachita dzimbiri, ndiye kuti madzi anakhala nthawi asanathiridwe mafuta kapena anakhutchumuka potsanula. Mukaika thermometer m'madzi owirawo musadabwe kuona 95°C m'malo mwa 100°C. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490, ndipo manambala a m'mabuku ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Mercury, wa m'Gulu 12, ndi chitsulo chokhacho chamadzimadzi pa kutentha kwa m'nyumba. Amauma pa −39°C. Okumba golide m'migodi ing'onoing'ono amamugwiritsa ntchito kugwira golide kenaka n'kumuwotcha, ndipo nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso. Si chinthu choti mwana abweretse m'kabotolo kudzaonetsa anzake.

Kuchoka pa banja kufika pa fomula

Mukadziwa banja mwadziwa chaji. Gulu 1 ndi +1, Gulu 2 ndi +2, aluminiyamu wa Gulu 13 ndi +3, okosijeni ndi sulphur a Gulu 16 ndi −2, Gulu 17 ndi −1. Ntchito yanu ndi kufananiza machaji mpaka akwane ziro. Magnesium wa +2 afuna ma chloride awiri, MgCl₂. Okosijeni wa −2 afuna ma sodium awiri, Na₂O. Aluminiyamu ndi okosijeni amakumana pa 6, awiri a +3 ndi atatu a −2, Al₂O₃. Calcium ndi okosijeni ndi CaO, osati Ca₂O₂. Chilembo chachiwiri cha chizindikiro chikhale chaching'ono: Co ndi cobalt, CO ndi mpweya wakupha wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Thumba la feteleza wa Compound D likhoza kukhala poyeserera: manambala 7:14:7 akuimira naitrojeni, phosphorus ndi potassium, ndipo mwana apeze yekha kuti awiri oyambawo ndi a Gulu 15, wachitatuyo ndi wa m'chidulo uja.

Mafunso ambiri amabisa dzina, amangoti elementi X ili ndi atomic number 19. Gawani: 2,8,8,1. Zigoba zinayi, elekitironi imodzi kunja, ndiye period 4, Gulu 1. Musanadziwe n'komwe dzina lake mungalembe kuti ndi chitsulo chofewa, chosungidwa m'mafuta, chaukali m'madzi kuposa sodium, chotulutsa haidrojeni ndi alkali, ndipo chloride yake ndi XCl, yoyera, yosungunuka m'madzi. Yesaninso chimodzimodzi ndi 9, 12, 16 ndi 18, tchati chitavundikiridwa, kenaka muvundukule muone ngati mwalasa.